Nyali Kuseri kwa Nsalu

Ndikufuna kulongosola mwaulemu zimene zidatigwera ku Chia m'chaka cha riferendamu. Ndidapachika nsalu yoyera m'nyumba yosungiramo mpunga, ndipo alamu anga ankavina kwasakwasa kuseri kwake. Woonerera aliyense ankaloledwa kukasuntha nyali, kuti chithunzithunzi cha wovinayo chitalike kapena chifupike pansalupo. Sindidaganizire kuti nyali idali chizindikiro cha ofuna zipani zambiri.

Anyamata a chipani cholamula adalowa ndi zibonga. "Achimwene, mwayamba kampeni eti?" adatero wamkulu wawo, n'kundiswera nyaliyo pamphumi. Anzakewo adagwetsa alamu anga pansi, nawaphwanya bondo ine ndikupenya, magazi akundilowa m'maso.

Kufikira lero alamuwo amayenda ndi ndodo. Akamva nyimbo ya kwasakwasa pawailesi, amagwedeza mapewa okha.