Mbewu Sagaya

Buku lija anandibwereka ndi Mayi Liu, mnzanga wa ku China amene tinkalongedza naye zovala m'makatoni ku Mississauga, kuno ku Canada. Linali lokhuthala ngati Baibulo la paguwa. Analilemba ndi munthu wa kwawo, kufotokoza mmene banja lake linkakhalira pansi pa ulamuliro wa chikomyunizimu. Chizungu changa chinali chotsimphina, ndiye ndinaliwerenga miyezi itatu, m'basi, chala chili pamzere. Tsiku lina dalaivala anachita kundigwedeza paphewa kuti basi yafika kumapeto.

Njala ya m'bukumo sinandidabwitse, ndimaidziwa. Chimene chinandigwira mtima ndi kasiyanidwe ka anthu. Munthu akamatumizidwa kutali, abale ake sankalira pakhomo, poti oyandikana nawo anali maso.

Loweruka lina Mayi Liu ananditengera ku laibulale ya ku Etobicoke, kumene kagulu ka owerenga kankakambirana za bukulo. Aliyense analiyamikira. Mayi wina anati atangolimaliza anaimbira foni amayi ake amene sanalankhule nawo chaka chathunthu. Kenako bambo wina wachizungu, mphunzitsi wopuma pantchito, anati bukulo ndi labwino kwambiri koma pali chimodzi chimene chamukanika kumvetsa.

"Mayi angalole bwanji mwana wake kupita osamukumbatira n'komwe? Ndi mayi wamtundu wanji ameneyo?"

Mayi Liu anayang'ana pansi. Ine ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha, koma Chizungu chonse chinandithawa. Choncho zimene ndinalephera kunena tsiku lija ndazilemba pano, m'chinenero changa. Ana anga, inu amene ndikakufunsani m'Chichewa mumandiyankha m'Chizungu, mudzawerenga ndithu. Nanunso mudzaika chala pamzere.

Ndinabadwira ku Angonia, m'dziko la Mozambique. Nthawi ya nkhondo boma linatisamutsa m'midzi yathu n'kutiika m'mudzi umodzi waukulu wa nyumba za m'mizere. Kuti utuluke unkafunika kalata ya mlembi wa mudzi. Banja likathawa, otsala ankatchedwa anthu a zigawenga za m'tchire.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Tsiku limenelo ndinkasankha mbatata ya kachewere pabwalo. Dzuwa lili pamutu tinamva mfuti kuseri kwa phiri. Utsi unakwera kumudzi woyandikana nafe. Nkhuku zinapitiriza kupalasa.

Bambo anali chigonere, mwendo utatupa mwezi wonse. Amayi anatuluka, anayang'ana utsiwo, n'kulowanso m'nyumba. Ndinawamva akukonola chimanga mofulumira. Kenako anapita kwa mlembi n'kubwerako ndi kakalata.

"Pita kuchigayo," anatero. "Umubereke Rozina. Kukakudera ukagone kwa azakhali ako."

Rozina ndi mng'ono wanga, anali ndi zaka ziwiri. Chigayo chinali kutsidya kwa malire, ku Malawi, ndipo tinkapitako nthawi zonse. Ndinanyinyirika. Ufa unalipo m'nyumba wokwana sabata. Ndinati amayiwa amangofuna kundiyendetsa padzuwa.

Mkazi wa mlembi anali atakhala pakhonde pake, moyang'anizana nafe, akusenda nyemba. Amayi ananditwika dengu lovundikira ndi nsalu. Anamanga mfundo ya chitenje pachifuwa panga molimba kuposa masiku onse. Sanandiyang'ane kumaso. Anatola tsache n'kuyamba kusesa bwalo, masanasana.

"Usakacheze ndi anyamata kumeneko," anatero mokweza. Ndinanyamuka nditakwiya, osayankha.

Pamsewu wa kumalire asilikali a boma anali atapingasa mtengo. Mkulu wawo anali atagona pamthunzi, chipewa chili kumaso. Amene anandiimitsa anali wachinyamata, milomo yong'aluka, ndipo ankalankhula chinenero chathu. Anawerenga kalata. Anandiuza kuti nditule dengu. Anavundukula nsalu n'kupisa dzanja mpaka m'chigongono.

Anatulutsa chimanga chodzadza dzanja. Maso a chimangacho anali akuluakulu, odetsedwa ndi mwaye. Anachinunkhiza.

Ndinachizindikira. Chinali chimanga chimene amayi ankasankha pokolola, n'kuchimangirira kudenga pamwamba pa moto kuti anankafumbwe asachigwire. Ngakhale chaka cha njala, titagona ndi madzi okha m'mimba, sanalole kuti wina achikhudze.

"Ukukagayitsa chimenechi?" anafunsa msilikaliyo.

"Inde."

Anayang'ana kwa mkulu wake. Anayang'ana Rozina. Anabwezera chimangacho m'dengu, osagwetsa ngakhale diso limodzi, n'kuvundikira bwinobwino. Ananditwika yekha.

"Mbewu sagaya, mlongo," ananong'ona. "Yenda."

Ndinayenda mpaka pokhota, pomwe sakanandionanso. Apo ndinaima. Ndinadziwa tsopano kuti sindinatumidwe kuchigayo. Mtima wonse unkafuna kubwerera, ndikangowagwira amayi dzanja, ndikawayankhe bwino.

Koma ndikanabwerera, msilikali uja akanafunsidwa chifukwa chondilola kudutsa. Mkazi wa mlembi akanaona chimanga chosagaya. Amayi anali atasesa bwalo loyera kale kuti ine ndifike pamene ndinaimapo. Rozina anali m'tulo, dovu lake likunyowetsa msana wanga. Ndinakonza nkhata pamutu n'kupitiriza.

Ndinadutsa dambo. Ndinadutsa lole yopsa imene munali mutamera udzu. Pamunda wina panali mbuzi yomangidwa pachikhomo, itadya udzu wonse mozungulira, mwini wake kulibe. Kumbuyo mfuti zinayambanso, pafupi kuposa poyamba. Sindinathamange, poti wopita kuchigayo sathamanga.

Malire a kwathu ndi msewu wa tala basi. Phula linali lotentha kumapazi. Ndinawoloka. Kutsidyako azimayi ankagulitsa kabichi ndi tomato, wailesi ikuimba pagolosale. Chigayo chinkalira. Ndinachipitirira osaima.

Azakhali anali pakhomo. Ananditula dengu, anavundukula nsalu, ndipo sanandifunse kanthu. Anayesa kumasula mfundo ya chitenje ndi zala, inakana. Anachita kuimasula ndi mano.

Patapita masiku awiri anthu a m'mudzi mwathu anayamba kufika, ena opanda n'chofunda chomwe. Ndinkaima pamsewu kuyang'ana nkhope imodziimodzi. Mudzi unali utawotchedwa. Amayi anali atakana kuwasiya bambo.

Mayi wina amene tinkatunga naye madzi anandiuza kuti tsiku lija, mkazi wa mlembi atalowa m'nyumba, mayiyo anawaona amayi anga atakwera pachulu cha kuseri kwathu. Anali ataika dzanja pamphumi, akuyang'ana njira ya kuchigayo. Anakhalapo mpaka dzuwa litapendeka. Kenako anatsika n'kukalowa kwa bambo.

Mvula yoyamba itagwa tinadzala mbewu ija kuseri kwa nyumba ya azakhali. Rozina anakula. Nditakwatiwa n'kubwera kuno sindinamusiye, ndipo pamene ndikulemba pano ali kuchipinda chinacho akuwerenga za mayeso. Manda a amayi ndi bambo sitikudziwa pamene ali.