Duu ndi mawindo a kufakitale ya nsapato

Dzina loti Duu anamupatsa ndi bambo ake, ndipo silinali lachikondi. Anali mtsikana wamtali woyenda chowerama, amene ukamufunsa kanthu ankangoti duu, maso pansi. Ankasita malaya a azichimwene ake, ankakalipiridwa pa zinthu zoti sanalakwe ndi iye, koma pakamwa osatsegula. Anthu ankamuyamikira kuti ndi mwana waulemu. Sankadziwa kuti m'katimo munkawira.

Bambo ake, dalaivala wa lole yonyamula simenti, anali atamusankhira kale unamwino. Koma atakhoza mayeso a sekondale, malo anapezeka ku koleji ina yaing'ono yosaphunzitsa ntchito imodzi. Kumeneko munthu ankaphunzira mbiri ya anthu, zolembalemba, kaganizidwe kozama, sayansi pang'ono, ngakhale nyimbo.

"Ndiye ukamaliza udzakhala ndani?" anafunsa bambowo.

"Sindikudziwa, bambo."

"Sukudziwa! Anzako azidzabaya anthu jakisoni, iwe uzidzatiimbira nyimbo?"

Azichimwene ake anaseka mpaka kutsamwa. Amene anamuikira kumbuyo anali mayi ake aang'ono, omwe ankamata nsapato kufakitale. "Alamu, musiyeni mwanayu apite. Pakhomo pano mwamuphunzitsa kusita, zakwana."

Ku kolejiko kunalibe kobisala. Ophunzira ankakhala mozungulira tebulo limodzi lalitali, aliyense akuona nkhope ya mnzake. Mphunzitsi amene Duu ankadana naye kwambiri anali mayi wina wamfupi, wa imvi, amene ophunzira anamupatsa dzina loti a Chifukwa, poti chilichonse ukanena ankangofunsa kuti, "Chifukwa chiyani?"

Tsiku lina ankakambirana ngati munthu ayenera kumvera lamulo lopondereza. Wophunzira wina wovala tayi, mwana wa loya, anatsamira mpando n'kunena kuti anthu osauka amakhala chete chifukwa ndi okhutira. Duu anangozindikira ataimirira.

"Wabodza iwe!"

A Chifukwa anavula magalasi. "Chabwino, ndi wabodza. Chifukwa chiyani?"

Duu ankadziwa kuti akunena zoona, koma analibe pogwira. Watayi uja anamwetulira. Duu anatuluka n'kukalirira kuchimbudzi, osati chifukwa cha manyazi, koma ukali. Potuluka anapeza a Chifukwa akumudikira pakhonde.

"Mkwiyo uli nawo wokwanira kalasi yonse," anatero. "Koma ukungoutaya pansi. Mawa ubwere ndi zifukwa."

Duu anabwera nazo, zofooka, ndipo anagonja. Anabweranso. Anayamba kuwerenga ngati munthu wofuna kubwezera: za anthu amene anakana ukapolo, za mmene malamulo amapangidwira, za zimene utsi umachita m'mapapo. Anaphunzira kumva mfundo ya mdani wake mpaka kumapeto asanaiphwanye. M'chaka chachitatu anzake anamusankha kutsogolera bungwe la ophunzira, ndipo kumeneko anaphunzira chinthu chowawa kwambiri: kuti ukhoza kukhala wolondola koma n'kugonja pa voti, ndipo mawa lake uyenera kuwapatsabe moni anthu omwewo.

Atamaliza, ntchito inasowa. Bambo ake ankati akamuona pakhomo ankafunsa mokweza ngati panali nyimbo yatsopano. Pamapeto pake mayi aang'ono aja anamva kuti kufakitale kwawo akufuna munthu woona za umoyo wa antchito. Bwana wa fakitaleyo, bambo wonenepa wonunkhira perefyumu, anamulandira ndi manja awiri.

"Tikufuna atsogoleri achinyamata ngati inuyo," anatero. Anamupatsa ofesi yokhala ndi fani, n'kumutumiza ku semina ya utsogoleri kuhotela, kumene anakamwa madzi a m'botolo ndi kuombera m'manja munthu wojambula makwerero pabolodi.

Patapita miyezi chibwerereni kumeneko ndi pamene analowa m'chipinda chomatira nsapato. Fungo la guluu linamumenya ngati khofi. Amayi anali ndandanda pamabenchi, aliyense ndi kabulashi ndi chitini, maso ofiira, ena atamanga nsanza pamphuno. Mawindo onse anali owotcherera. Akuti kale munthu wina ankaponyera nsapato panja kuti akazitole poweruka, ndiye akuluakulu anaitana wowotcherera zitsulo n'kutseka chilichonse. Pofuna kuteteza nsapato anatsekera anthu mpweya! Ndipo mayi ake aang'ono anali atakhala mmenemo zaka zonsezi, akubwera kunyumba ndi mutu, n'kumati ndi ukalamba.

Duu anapita kwa bwana. Bwana anati nkhaniyo akuiganizira. Anapitanso, bwana anati ali pa msonkhano. Kenako masana ena mayi aang'ono anagwa pabenchi, thovu kukamwa, kabulashi kali m'manja.

"Imeneyo ndi bipi," anatero bwana. "Kawauzeni amayiwo azimwa mkaka. Mwalembedwa kuti muziwakhazika mtima pansi, si choncho?"

Apa m'pamene Duu anamvetsa chimene anamupatsira fani. Mawu oti wabodza anafika pakhosi. Anawameza n'kutuluka.

Pa nthawi yopuma anayamba kukhala pansi ndi amayi aja kuseri kwa fakitale. Iye ankafuna sitiraka, tsiku lomwelo ngati n'kotheka. Amayiwo anakana.

"Mwanawe, iwe uli ndi digiri," anatero mayi wina wamasiye. "Ife akatichotsa tikadya chiyani? Pageti pali anthu odikira mabenchi athuwa."

Zinamuwawa, koma anamvetsera. Anawafunsa chimene akanatha kuchita osaopa, ndipo anakangana masiku angapo mpaka anagwirizana. Abambo odula zikopa ankati za guluu sizikuwakhudza. Duu anawafunsa mmodzimmodzi kuti mkazi wa ndani, mlongo wa ndani ali m'chipinda chija. Ambiri anaweramitsa mitu.

Lolemba m'mawa abambowo ananyamula mabenchi onse n'kuwaika pabwalo, pamalo oimikapo magalimoto a akuluakulu. Amayi anakhala pansi ndi zitini zawo n'kuyamba kumata nsapato padzuwa. Bwana atafika anasowa poimika galimoto. Anatuluka thukuta lili kamukamu.

"Ndani walamula sitiraka imeneyi?"

"Palibe sitiraka, bwana," anayankha Duu. "Taonani, ntchito ikuyenda."

"Abwerere m'kati pompano!"

"Abwerera. Tiyeni tikalowe limodzi, mukakhale nawo pabenchi mpaka nkhomaliro. Mukatuluka muli bwinobwino, ine ndiwauza kuti ndinanama."

"Iwe mtsikana, ukudziwa amene ukulankhula naye?"

"Ndikudziwa. Ndikulankhula ndi munthu amene anati azimwa mkaka."

Amayi sanaseke, sanaombe m'manja. Anangopitiriza kumata, mitu ili pansi. Anthu odutsa mumsewu anayamba kuima pampanda, ena akujambula ndi mafoni. Bwana analowa mu ofesi n'kumenyetsa chitseko. Dzuwa lisanapendeke wowotcherera anabwera, anadula zitsulo n'kuika waya wa sefa m'mawindo. Ntchito yake sinatenge ngakhale tsiku lathunthu, ndipo zimenezi ndi zimene zinamupsetsa mtima Duu kuposa zonse.

Mwezi usanathe anamuuza kuti udindo wake wathetsedwa. Palibe anadabwa. Amayi ena anamuperekeza mpaka pageti, ena anayang'ana kumbali poopa kuonedwa naye, ndipo iye sanawaimbe mlandu.

Mayi aang'ono sanabwererenso pabenchi. Manja awo amanjenjemera moti kapu ya tiyi amaigwira ndi manja awiri, tiyiyo n'kumatayikabe. Fakitale inati palibe umboni woti ndi guluu. Mlandu wawo uli kukhoti mpaka lero, ukungosinthidwa masiku.

Duu tsopano amagwira ntchito ku bungwe la antchito, m'kaofesi kotentha pamwamba pa shopu ya matayala. Anthu amakwera masitepe ndi zala zodulidwa ndi makina, ndi chifuwa cha fumbi, ndi nkhani zoti kapitawo akuwagwiragwira. Iye amawakhazika pansi, amawamvetsera mpaka amalize, kenako amafunsa kuti ndani winanso zamuchitikira.

Chaka chatha koleji yake inamuitana kukalankhula za utsogoleri. Womulandira anamutchula kuti ndi chitsanzo cha kupambana. Duu anaimirira n'kunena kuti sakudziwa kupambana kumene akunena, poti iye anakhala mu ofesi ya fani miyezi yambiri asanalowe m'chipinda chimene mayi ake aang'ono ankafera pang'onopang'ono, ndipo chitseko chake chinali pafupi pomwepo. Ophunzira ena anakwiya naye, ena anamutsatira panja ndi mafunso. Sanachedwe nawo. Madzulo omwewo anali ndi msonkhano ndi anthu opopera penti pagalaja ina yaikulu, amene abwana awo anawalanda zotchinga pamphuno ati chifukwa amazitaya.