Buku Limene Amama Anafuna Kutentha

Ndikukumbukira tchuthi cha mwezi wa Epulo, chaka chimene ndinali mu Giredi 8, kumudzi kwathu kufupi ndi Sinda. Nshawa zinali zitazulidwa, zili milumilu m'munda, ndipo ntchito yanga ndi Amama inali yothothola. Koma ine mtima unali pa buku limene aphunzitsi athu a Chingerezi, Mayi Sakala, anandibwereka tsiku lotsekera sukulu. Analitulutsa m'katoni imene inkakhala pansi pa tebulo lawo, n'kunena kuti popeza mabuku enawo ndinali nditawamaliza, ndiyese limeneli ngati ndili wolimba mtima.

Pachikuto panali nyumba yaitali ya mazenera ambiri, ndipo pazenera limodzi panaima kamwana kopanda nkhope. Mapepala ake ankanunkha chinyontho ndi mphemvu. Ndinkaliwerengera kuseri kwa nkhokwe masana, dzuwa lili pamutu, komabe thupi lonse linkachita tsembwe. Nkhuku ikangopalasa pafupi, ndinkadzidzimuka mpaka buku kugwa. Chodabwitsa n'chakuti mantha amenewo ankanditsekemera. Ndinkatola bukulo, kulipukuta fumbi, n'kupitiriza.

Mnzanga Dalitso anaona chikutocho n'kukauza amake, amene anali mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwathu. Masiku amenewo mphekesera za usatana m'masukulu zinali paliponse, moti mtsikana akangokomoka m'kalasi, mudzi wonse unkadziwa kale chifukwa chake. Amake Dalitso anabwera Lolemba m'mawa, anakhala pamphasa, anafunsa za ana, za mbuzi ndi za chifuwa cha Atate, kenako anafika pa nkhani. Anati mabuku otere ndi khomo la ziwanda. Bukulo litenthedwe, ndipo ine Amama andibweretse Lachinayi pamsonkhano wa amayi kuti akandipempherere. Ine ndinkamvetsera ndili m'khitchini. Ndinkadziwa kuti mtsikana wopemphereredwa chotero anthu amamuloza chala mpaka kukwatiwa, ndipo analipo kale achibale amene ankauza Atate kuti sukulu ikundiwononga.

Amama sanapite patali ndi sukulu ndipo Chingerezi sankachimva, koma sanali munthu wopupuluma. Ngakhale mphika pamsika sankagula asanaugogode. Mlendo atapita anandiitana, analitembenuza bukulo uku ndi uku, analinunkhiza, n'kunena kuti sangatenthe katundu wa aphunzitsi asanamve zimene bukulo likunena.

"Mawa ulinyamule kumunda," anatero. "Iwe uzikawerenga m'Chichewa, ine ndizikathothola. Ndikangomva za Satana, moto tikayatsa komweko."

Choncho m'mawa mwake tinakhala pansi pa mtengo wa mango wa m'mphepete mwa munda, dengu pakati pathu, machesi ali m'mfundo ya chitenje cha Amama. Dothi linkanunkha nshawa zaziwisi, ndipo njiwa zinkalira kudambo. Kumasulira kunali ntchito. Nkhaniyo inkachitikira kudziko lozizira, ndipo nditafotokoza kuti kumeneko kumagwa matalala ofewa ngati thonje miyezi yathunthu, Amama anawamvera chisoni anthuwo n'kufunsa kuti nanga amalima liti. Nditanena kuti nyumbayo inali ndi chipinda pansi pa nthaka, anapukusa mutu n'kuti munthu wokumba dzenje pansi pa nyumba yake mavuto amadziitanira yekha.

Nkhani yake inali ya banja lina limene zinthu zinayamba kusowa m'nyumba mwawo. Poyamba supuni, kenako mpando, kenako chitseko cha chipinda chonse, pamalo pake patangotsala khoma. Choopsa chinali chakuti chinthu chikasowa, aliyense ankaiwala kuti chinaliko, kupatula kamtsikana kamodzi ka m'banjamo. Ndipo nthawi zonse chinthu chisanasowe, kankamva mapazi a mwana akuyenda m'khonde.

Poyamba Amama ankamvetsera nkhope ili gwa, ngati woweruza mlandu. Dzuwa lisanafike pamutu anali atayamba kundidzudzula ndikapuma nthawi yaitali. Pofika madzulo anali akukalipira bambo wa m'bukumo chifukwa chotsikira yekha m'chipinda chapansi chija osauza mkazi wake. Pobwerera kunyumba anandiuza kuti za Satana sanazimvebe, koma tisafulumire, mwina zili kutsogolo. Lachitatu ndi iwo amene anandidzutsa, n'kufunsa ngati buku ndanyamula asanafunse za dengu.

Tsiku limenelo tinafika pa mutu umene ndinkauopa, chifukwa ndinali nditauwerenga kale ndekha. Pamenepo zinadziwika kuti banja lija linali ndi mwana wina amene anamwalira, ndipo makolo, chifukwa cha chisoni, anachotsa zovala zake ndi zithunzi zake n'kuletsa kutchula dzina lake. Tsono ine ndinkadziwa, mwa kungomva za m'mphepete, kuti ndinali ndi mchimwene amene anamwalira ndili ndi zaka zitatu. Kwathu sankatchulidwa. Ngakhale dzina lake sindinkalidziwa, ndipo ndinali ndisanayesepo kufunsa. Choncho ndinalumpha tsamba lonse n'kunena mwachidule za mapazi aja kuti inali mbava chabe.

Amama anandiyang'ana. "Zelipa, maso ako ayenda tsamba lonse, koma pakamwa patuluka mawu atatu. Bwerera."

Ndinabwerera. Ndinawerenga pang'onopang'ono, maso osawachotsa papepala. Ndinangozindikira kuti kaphokoso ka nshawa zogwera m'dengu kasiya. Nditakweza mutu, Amama anali atagwira chitsa cha nshawa m'manja, akuyang'ana kumapiri. Analankhula kaye motsitsa m'Chinsenga, chilankhulo cha kwa amayi awo chimene ankachisungira mkwiyo ndi mapemphero a paokha. Kenako anati mwana wa m'bukuyo si mzukwa woipa ayi, akungofuna kuti wina amutchule.

Ndiyeno anandiuza za mchimwene wanga uja. Dzina lake anali Limbikani. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anadwala malungo nthawi ya dzinja, mtsinje utadzaza, ndipo pamene madzi anaphwa n'kumunyamula pa njinga, anatsirizikira kumsana kwa Amama asanafike n'kumsewu wa tala komwe. Ankakonda nshawa zaziwisi, ankazibisa m'matumba a kabudula mpaka makoswe anaboola matumba onse awiri. Ankandibereka ine kumsana ngakhale kuti miyendo yanga inkakhwekhwereza pansi. Amama ankanena zimenezi akuseka, misozi ikutsikira m'khosi, osaipukuta.

Anandiuzanso chimene sindinachiganizepo. Kale mudzi wonse unkawaitana kuti amake Limbikani. Maliro atatha, amayi anzawo anagwirizana, mwa chifundo, kuti aziwaitana amake Zelipa kuti asamawakumbutse. Iwo sanakane, Atate nawonso sanakane.

"Anachita bwino m'maganizo awo," anatero Amama. "Koma tsiku limenelo kunali kumuika m'manda kachiwiri."

Tinalimaliza bukulo dzuwa litapendeka, nshawa zambiri zisanathotholedwe. Kumapeto kamtsikana kaja kanatchula dzina la m'bale wake mokweza pakati pa nyumba, ndipo mapazi aja analeka. Koma zinthu zosowa zija sizinabwerere, ndipo Amama anadandaula kuti wolembayo ndi wouma mtima, akanabweza ngakhale mpando wokha.

Lachinayi Amama anakulunga bukulo m'chitenje n'kulunjika kutchalitchi, ine ndikuwatsatira pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Amayi a mumpingo anali atakhala pamabenchi, ndipo atatha nyimbo yoyamba, Amama anaimirira. Ananena kuti buku alimva lonse ndi makutu awo, kuyambira pachikuto mpaka kumapeto, ndipo Satana sanamupezemo. Anapezamo mwana amene kwawo anamuiwala dala. Anati ine sindikufunika pemphero lapadera, koma ngati amayiwo abwera okonzeka kupemphera, apempherere amake Limbikani, amene akhala zaka zonsezi opanda wowafunsa.

Ndinkamva malata akuthetheka ndi dzuwa. Amake Dalitso, amene ndinadzamva pambuyo pake kuti ndiwo anayambitsa zosintha dzina zija, anaweramitsa mutu. Kenako ananyamuka, anakagwira Amama dzanja, n'kuyamba pemphero ndi dzina lakale lija. Mawu anawathera pakati, ndipo mayi wina wachikulire ndiye anamalizitsa.

Si onse anakhutira. Ena anaumirira kuti kaya nkhaniyo ndi yabwino, chikutocho n'chosayenera m'nyumba ya Mkhristu, ndipo Amama anavomera kuti pamenepo ali ndi mfundo. Analikutira bukulo ndi pepala la shuga, ndipo linabwerera kwa Mayi Sakala likununkha nshawa. Atate atamva dzina lija likutchulidwa pabwalo madzulo ake, anangonyamuka. Anatenga pampu n'kuyamba kupopa njinga imene matayala ake anali olimba kale. Patapita masiku angapo, tikusenda nshawa, anangoyamba okha kundiuza kuti Limbikani ankaopa abakha.

Lero zinthu zinasintha. Mabuku otere ndimawawerengera pa foni ndili m'minibasi ya ku Chipata, ndipo palibe amene amacheuka. Ambiri amene ndimawakonda tsopano ndi olembedwa ndi anthu a kuno kwathu ku Afirika, ndipo zoopsa zake zimachitikira m'minda ya chimanga, pa zitsime ndi m'nyumba za lendi, moti sindivutikanso kufotokoza matalala. Anzanga a kuntchito ku Katete amandifunsa kuti munthu wamkulu, wopemphera, ndimapezamo chiyani m'nkhani za mizukwa. Ndilibe yankho la anthu ophunzira. Ndimangowauza kuti nkhani yabwino yoopsa nthawi zambiri imakhala ikuzungulira chinthu chimene a m'nyumbamo akukana kuchinena, ndipo nyumba zotero si za kudziko lozizira kokha.

Amama akalamba, maso akuchita nkhungu, ndipo kumunda sapitanso. Ndikapita ku Sinda amandikhazika pakhonde kuti ndiwawerengere chatsopano. Za wolemba alibe nazo ntchito, ngakhale za dziko limene nkhaniyo ikuchitikira. Ndisanayambe n'komwe, amakonza chitenje, amatsamira khoma, n'kufunsa funso lawo limodzi: "Wamwalira ndani m'menemo, nanga anamulira bwino?"