Nyimbo Imene Anaimva Azakhali Okha

Azakhali anga anaphunzitsa nyimbo zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo khutu lawo silinkakhululuka. Ngakhale ketulo ikalira, ankati yaphonya. Chaka chimene denga la sukulu linasasuka ndi mphepo, ana n'kumaphunzirira kunyumba, ahedi anawauza mosapsatira: "Mayi, sewero la nyimbo lotsekera chaka likakanika, phunziro lanu tilichotsa."

Basi, azakhali anaika laputopu pa tebulo lositira zovala, n'kumakumana ndi ana khumi ndi awiri pa vidiyo, aliyense m'kabokosi kake. Seweroli linali la mbuzi yokwera basi. Mwana wosewera mbuzi ankaimbira kubafa, poti kwawo netiweki inkagwira kumeneko kokha. Wosewera dalaivala chiwongolero chake chinali chivundikiro cha ndowa, ndipo mayi ake akachifuna, basiyo inkaima kaye.

Koma chothetsa nzeru chinali kuchedwa kwa mawu. Azakhali akati "Tiyeni!", wina ankamva pompo, wina patapita masekondi atatu, wina ndiye kaya mawa lake. Nyimbo inkatuluka ngati nkhuku zothawa m'khola.

Mukuganiza anagonja? Aaa, simukuwadziwa! Anayeza kuchedwa kwa nyumba iliyonse, n'kugawa nthawi. Mbuzi iziyamba iwo asanakweze dzanja. Dalaivala aziwerenga mpaka kanayi chamumtima. Kamtsikana ka netiweki yothamanga kazimeza malovu kawiri kasanatsegule pakamwa. Miyezi itatu ya thukuta lokhalokha, mpaka tsiku lina ndinawapeza akulira pamaso pa laputopu. "Zagwirana, mwanawe," anatero. "Onse pamodzi!"

Kutatsala masiku awiri kuti sewero lichitike, ahedi anaimba foni mosangalala. Denga latha kukonzedwa, ndiye ana akaimbira muholo, pamaso pa makolo.

Mayo ine! Ana aja anali omvera kwambiri. Azakhali asanakweze dzanja, mbuzi inayamba. Dalaivala anaima njo, milomo ikuwerenga. Kamtsikana kaja kanameza malovu kawiri, bwinobwino. Palibe analakwitsa ngakhale mmodzi, ndipo chinamveka ndi chiphokoso chimene sindinamvepo chibadwire. Makolo anaseka mpaka kugwira nthiti, ena n'kumaomba m'manja poyesa kuti n'zadala. Ahedi okha sanaseke.

Lolemba kalata ya ahedi yochotsa phunziro lawo inafika. Azakhali anaiwerenga ali chiimire, kenako anandiyang'ana.

"Iwe unalipo tsiku lija zinagwirana. Pita ukawauze ahedi kuti ana anga amaimba. Unamva, si choncho?"

Sabata yoyamba yomweyo, nditatopa ndi phokoso, ndine ndinawagulira azakhaliwo mahedifoni, n'kuwalumbiritsa kuti asamawavule. Miyezi itatu yonse ija ine ndinkangoona timilomo tikuyasama m'timabokosi. Manyazi ake sanandichokebe mpaka lero.

"Sindinamve, azakhali," ndinatero.