Makalata a Ayuda Pabenchi la Nsomba

Ine ndimagula chilichonse chimene mwini wake watopa nacho. Chaka china ndinagula sutikesi yachitsulo ku Balaka kwa mayi wina wamasiye. Malemu amuna awo anali khukhi wa dokotala wokalamba, Myuda, amene anamwalira wopanda m'bale kuno. Ine maso anali pa sutikesi. Mitolo iwiri ya mapepala imene inali m'katimo ndinaitenga ngati basera. Umodzi ndinagulitsa ku Liwonde kwa mayi wokazinga nsomba kuti azikulungira.

Winawo ndinakauonetsa kwa shehe wa ku Ulongwe amene timagulana chimanga. Malembawo ndinawayesa Chiarabu, ndiye ndinati mwina nditolapo kenakake.

Shehe anayamba apukuta manja. "Iyayi achimwene, ichi n'Chiheberi. Kuwerenga sindingathe, koma kachitidweka ndikukadziwa. Taonani, uyu walemba funso pakati, mnzake wabweza pepala lomwelo atayankha m'mphepete ndi inki ina. Aphunzitsi athu ankatero ndi anzawo a ku Zanzibar. Awa ndi anthu ophunzira. Kunja makalata otere amachita kulimbirana, n'kumawasunga m'magalasi."

Mtima wamalonda unadumpha. Koma iwo anapitiriza: "Ndipotu ophunzira akamatsutsana, dzina la Mulungu silisowa papepala. Alipo okhawa?"

"Ena ali ku nsomba, shehe."

"Astaghfirullah, Mulungu atikhululukire! Mwaimiranji?"

Tsiku limenelo minibasi inaima paliponse pamene panali munthu, ngakhale wongokanda m'mutu. Ndinatsika pa Liwonde thukuta lili kamukamu.

"Mayi, mapepala aja ndibwezereni, ndinalakwitsa."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Bambo, munthu sathamangira zinyalala. Akwera mtengo."

Ndinayesa nzeru zanga zonse. Ndinawanyoza mapepalawo, ndinalumbira, ndinanyanyala mpaka pamsewu kudikira kuti andiitane. Iwo ankangotembenuza nsomba. Ndinabwerera ndekha, n'kulipira kuwirikiza katatu, anzawo akuseka chikhakhali.

Masamba anayi anali atapita kale ndi makasitomala. Otsalawo ndinawafungatira mpaka ku Ulongwe, ena ali ndi madontho a mafuta. Shehe anawakulunga m'nsalu yoyera, n'kuwaika pamwamba pa kabati, pamene amasunga mabuku awo okalamba.

"Wogula akapezeka ndikuitanani," anatero. "Koma akhale wodziwa kuwerenga, osati wandalama chabe."

Ndinavomera osatsutsa. Anzanga a pamsika mpaka lero sakhulupirira kuti ine ndinasiya phindu lotere m'manja mwa shehe.