Chaka Chimene Ndinathamangira Sukulu Yathu

Njinga ya amalume inalibe mabuleki. Inali yakuda, chishalo chake chomanga ndi mphira, ndipo ikamatsika chitunda inkalira ngati nkhanga. Pa njinga imeneyi amalume ankanyamula matumba a nyemba kupita nawo kumsika wa ku Chiponde, ine ndikuthamanga pambuyo pake m'mawa uliwonse mpaka pamphambano ya kusukulu. Sikuti ndinkaphunzira liwiro ayi. Ndinkangoopa ndodo ya ochedwa.

Tinachoka ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ine ndili kumbuyo kwa amayi. Nkhondo itatha, ambiri anakwera malole kubwerera kwawo. Ife tinatsala, pakuti amayi anati kumeneko kunalibenso wotilandira. Tinkalima, tinkalankhula Chiyao ngati aliyense, tinkaswali mumzikiti womwewo. Komabe kusukulu dzina langa linali Wothawa. Lero ndikudziwa kuti anawo sanalipeke okha dzinalo. Ankalitola m'makomo mwawo.

Nyengo yozizira, ndili mu Sitandade 6, kunabwera mpikisano wa liwiro wa masukulu a m'dera lathu. Aphunzitsi athu, bambo wamtali wa ku Chowe, anatiyesa pabwalo ndipo atsikana onse ndinawasiya kutali. Mawa lake makolo ena anabwera kudzadandaula kuti sukulu ya Amalawi isaimiridwe ndi mlendo. Ndinkamva zonse ndikusesa kuseri kwa zenera.

"Mlendo wake uti?" anafunsa aphunzitsi. "Mwanayu mano ake oyamba anagulukira pabwalo lomweli."

Tsiku la mpikisano kunali mwera, fumbi lofiira likulowa m'kamwa. Mizere anailemba ndi phulusa. Ndinaima wopanda nsapato, diresi nditalimanga m'chiuno ndi luzi, nthaka ikuzizira kumapazi. Mnyamata wina wa sukulu ina anakuwa, "Samalani, othawa amadziwa kuthawa!" Anthu anaseka.

Wenzulo italira sindinamvenso kanthu, koma mpweya wanga ndi kugunda kwa zidendene. Pokhota pomaliza, mtsikana wina wa miyendo italiitali anali akadali patsogolo panga. Kenako ndinamva chiphokoso. Anzanga omwe aja, onditcha dzina loipa aja, ankaimba dzina langa lenileni, londipatsa malemu bambo anga. Mtsikanayo ndinamudutsa ngati waima.

Anandinyamula m'mwamba. Mmodzi mwa makolo odandaula aja, mayi wogulitsa zitumbuwa, ndiye anayambitsa nthungululu, navula chitenje chake cha pamwamba n'kundifunditsa. "Wathu uyu! Wathu uyu!" ankatero. Ndinawakhululukira pomwepo, ndipo mpaka lero sindinong'oneza bondo. Amalume anavina mpaka kofia kuchoka kumutu n'kugwera m'fumbi, osaitola. Kuyambira sabata imeneyo dzina la Wothawa lija linangofota lokha, popanda woliletsa.

Amayi okha ndiwo sanabwere. Ndinawapeza pakhonde akupeta nandolo, ndipo ndinawafotokozera zonse ndili wefuwefu. Anaika lichero pansi, nagwira mapazi anga, nawapukuta fumbi ndi nsalu yawo akumwetulira.

"Wachita bwino, mwanangu, watikweza. Koma ine sindingathe kuonerera mwana akuthamanga."

Ndinakwiya, poganiza kuti sakundinyadira mokwanira. Sindinkadziwa kuti ndinali ndi mkulu wanga, amene pakhomo palibe ankamutchula. Tsiku limene tinkathawira kumalire, iye ankathamanga pambuyo pa amayi m'tchire, ndipo pamene amayi anacheuka, mwanayo panalibe.