Dyness Chalo ndi Bwalo la Ana a M'komboni

Dyness Chalo anachoka ku Ntcheu mu 1946 kutsatira mwamuna wake Obadiya, amene ankagwira ntchito pansi pa mgodi wina wa golide kufupi ndi Chakari, kunja kwa Gatooma, tauni imene lero ikutchedwa Kadoma. Anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, ndipo ankachapa zovala za azungu a pamgodi mpaka zala zake zinang'ambika ndi sopo. Mwana anali naye mmodzi yekha, mtsikana, dzina lake Mwaiwawo.

M'komboni munalibe poti ana n'kusewera. Akuluakulu anali ndi bawa, nyumba ya mowa ya kampani. Ana ankasewera pa mulu wa mchenga wochoka mumgodi, m'mphepete mwa dziwe la madzi otsukira golide. Lachiwiri lina mu Novembala 1953, mpira wansanza unagwera m'dziwemo, Mwaiwawo n'kuutsatira. Matope ake anali oterera. Anamuvuula atamwalira kale, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Maliro atatha, bwana wa komboni, amene anthu ankamutcha Aikona, kutanthauza kuti ayi, chifukwa ndi mawu amene ankayankha pa chilichonse, anasonkhanitsa azimayi. Kalaliki wake, Morrison Zefaniya, mnyamata wa kwawo ku Nyasalande wovala tayi, ndiye ankamasulira.

"Abwana akuti vuto ndi inu amayi. Simuyang'anira ana anu."

Dyness anaimirira. "A Morrison, afunseni. Mwana wanga akumira, ine ndinali kuchapa malaya a ndani?"

Morrison sanamasulire. Anangoyang'ana nsapato zake.

Kuyambira tsikulo Dyness sanawapatse mpata abwanawo. Lolemba lililonse ankakakhala pakhomo pa ofesi, kupempha malo oti ana azisewerapo kutali ndi dziwe. Patatha miyezi inayi, Aikona anatopa naye. Anamulozera tchire la kuseri kwa komboni, lodzaza minga ndi zulu, nati kampani sipereka kanthu, ngakhale khasu.

Dyness anayamba ndi tiyipate. Loweruka lililonse masana, iye ndi mnzake Sabina ankaphika tiyi ndi mandasi, wina n'kubweretsa galamafoni, ndipo ofuna kuvina ankaponya kangachepe m'mbale. Amuna ena ankaseka. "Ndalama ya mowa tiwononge pa mpira wa ana?" Dyness ankawatsatira mpaka pakhomo pa bawa, n'kuwatchula mayina a ana awo mmodzimmodzi, mokweza, anthu onse akumva. Ambiri ankapereka chifukwa cha manyazi. Iye analibe nazo kanthu.

M'komboni mutakwana, anayamba kupita kumapulazi, minda ikuluikulu ya azungu yozungulira tauni ya Hartley. Lamlungu ankakwera lole ya chimanga m'mamawa, n'kukaima pakhomo pa tchalitchi cha antchito, kudikira kuti anthu atuluke. Sankadziwa kukometsa mawu. Ankangofotokoza mmene anamupezera mwana wake, matope ali m'kamwa, kenako n'kunena kuti, "Ana anu akakula adzabwera kumgodi. Adzukulu anu adzasewera pamene panafera wangayo." Anthu a m'mapulazi analibe ndalama, koma ena anapereka nkhuku, ena lichero la mtedza. Kapitawo wina anamupatsa waya wakale wa khola la ng'ombe.

Tchire lija analilambula okha. Amuna ochoka pansi pa mgodi ankagumula zulu dzuwa lisanalowe. Useni, telala wachisilamu, anasoka mayunifomu osalipiritsa. Amuna a gule ndi a mpingo, amene kale sankapatsana moni bwino, anakumba limodzi maenje a mitengo ya magoli. Pofika Ogasiti 1955 panali bwalo la mpira, akatungwe awiri, ndi mpanda wa waya wotchinga njira yopita kudziwe.

Tsiku lotsegulira, Aikona anabwera ndi mkulu wa mgodi ndi akazi awo, nakhala pa mipando pamthunzi. Dyness anakhala pansi padzuwa pamodzi ndi azimayi anzake. Morrison anatulutsa pepala n'kuyamba kuwerenga, poyamba m'Chingerezi, kenako m'Chinyanja.

"Ife antchito tikuthokoza kampani ndi abwana athu chifukwa cha mphatso iyi ya bwalo, imene atipatsa mwa kukoma mtima kwawo."

Sabina anafuna kugwira nsalu ya Dyness, koma anachedwa. Dyness anali atafika kale pakati pa bwalo.

"Mphatso iti?" anakuwa. "A Morrison, mphatso iti? Chitsa chimodzi chimene anazula azunguwa n'chiti? Tilozereni! Inu munagwirapo khasu liti ndi tayi wanuyo? Anatipatsa minga. Anatipatsa dziwe limene linadya mwana wanga, ndipo lilipobe, silinakwiriridwe. Lero mukufuna tiwombe m'manja?"

Anatembenukira kwa anthu. "Wayayu ndinasenza pamutu ine. Nkhuku zinachokera ku Hartley kwa anthu osavala nsapato. Muthokoze amenewo!"

Panalibe anawomba m'manja, panalibenso anamuletsa. Mkulu wa mgodi anafunsa chimene mayiyo akunena. Ulendo uno Morrison anamasulira mawu onse, osasiyapo ngakhale amodzi.

Lachisanu lotsatira Obadiya anachotsedwa ntchito, pambuyo pa zaka khumi ndi zinayi pansi pa mgodi. Anawapatsa masiku awiri oti atuluke m'nyumba, ndipo apolisi a komboni anauzidwa kuti Dyness asadzapondenso m'katimo. Anakapeza malo pa pulazi ya fodya kufupi ndi Hartley. Obadiya anakhala mwezi wathunthu osamulankhula. Atalankhula anangoti, "Mai, mukanangokhala chete ola limodzi lokha."

"Bambo ake a Mwaiwawo, ola limenelo ndinalibe," anayankha Dyness.

Mu 1958 Dyness anakumana ndi Morrison pa siteshoni ya sitima ku Hartley. Morrison anavula chipewa.

"Amayi, muli bwanji? Bwalo lija ana akulikonda kwambiri. Koma mpanda wagwa mbali ya kudziwe. Komiti yoyang'anira bwalolo inaganiza kuti mwina mukanatiuza mmene munkachitira tiyipate..."

"Komiti!" Dyness analavula pansi. "Lembani pepala, mukawawerengere abwana anu okoma mtima aja. Chokani pamaso panga."

Koma sabata yonseyo sankadya bwino. Lamlungu anadzutsa Obadiya, natenga pulayala ndi waya wotsala wa papulazi, n'kukwera basi ya ku Chakari. Pachipata wapolisi wa komboni anawabweza. Iwo anazungulira kutchire, kumene malire a kampani sankafika, n'kuyamba kumanga mpandawo ali kunja. Sabina atawaona anabwera ndi azimayi ena asanu, nagwira mitengo ali m'kati. Dyness ankakoka waya uku akutukwana kampani, komiti ndi amuna onse a m'komboni amene anaona mpanda ukugwa osachitapo kanthu. Anamaliza cha m'ma fili koloko, manja ali magazi okhaokha, ndipo anathamangira basi yomaliza chifukwa m'mawa mwake kunali kothyola fodya.